Mfuti ya Darryl, Mlandu wa Selwyn

"Kiyiyo sindikupatsa, Darryl. Ukhoza kuima pomwepo mpaka mazirawa azizire."

Noelene ananena izi osacheuka, akupala chiwaya ndi supuni. Mwamuna wake anali pakhomo la khitchini, nsapato zamatope zili kumapazi, m'manja atanyamula kamtengo ka lalanje kouma. Anakaponya patebulo pakati pa makapu.

"Taona bwinobwino. Akalulu akukukuta khungwa lonse kuzungulira. Mzere wonse wa kumtunda wa mchenga uli chonchi. Mitengo ndinabzala ndi msana wangawu, ndiye ukuti ndingokhala pansi n'kumaonerera?"

"Chotsa chinthucho patebulo. Sindinati ukhale pansi. Ndati mfuti usampatse Selwyn."

"Ndiye awombere ndani? Ine? Ndi ng'ala yangayi kalulu ndi chitsa n'chimodzimodzi. Kuchipatala akuti ndidikire mpaka chaka chamawa."

"Itana mlenje uja amayenda m'mafamu. Kapena tigumule mauna ndi thirakitala monga anachitira anzathu kutsidyaku."

"Mlenjeyo wati abwera tikamaliza kuthyola. Adzapeza zitsa. Thirakitala pamchenga uja imatitimira, ukudziwa."

"Chabwino, mpatse mfuti yampweya ija, ine ndikaime naye pambali."

Darryl anaseka mosakondwa, n'kudzitsanulira tiyi. "Yampweya ndi ya makoswe ndi nkhunda za m'shedi. Kalulu wa kumchenga salola kuti umuyandikire chotero. Ukamulasa uli patali umangomuvulaza, akafere kuuna pang'onopang'ono. Si iwe unalira tsiku lija tinapeza wina akukwawa ndi miyendo iwiri? Pakufunika ya zipolopolo. Kamodzi pamutu, zatha. Komanso ukaima naye nthawi yanji? M'mawa uli kushedi kusankha malalanje."

"Chipolopolo chake chimapita kutali. Kuseri kwa mtundawo kuli nyumba ya mnzathu Glenys."

"Glenys ali kutali. Bambo anga anawombera pamtunda umenewo moyo wawo wonse, sanalasepo ngakhale nkhuku."

"Bambo ako anali ndi chiphaso. Selwyn alibe. Munthuyu anabwera kudzathyola malalanje."

Kiyi wa kabati yachitsulo yosungiramo mfuti ankakhala pamodzi ndi makiyi a galimoto ya Noelene, chifukwa Darryl anali wotaya zinthu. Onse awiri anali ndi ziphaso, koma Noelene anali asanagwire mfuti kwa zaka zambiri. Darryl anasuzumira panja n'kuitana. Posakhalitsa Selwyn Bule anafika pakhomo lakumbuyo, chipewa chaubweya chili m'manja. Anali bambo wa ana atatu, wochokera pachilumba cha Pentecost ku Vanuatu, ndipo mwa anthu onse a kuzilumba amene ankathyola pafamupo, iye ndiye anali atabwerako nyengo zambiri.

"Selwyn, kwanu kuja sumawombera?" anafunsa Darryl.

"Ndinawomberako njiwa ndi mfuti ya amalume, bwana. Kalekale."

"Wamva, Noelene? Ndi katswiri."

"Koma pobwera anatiuza kuti mfuti tisamakhudze," anatero Selwyn chapansipansi.

"Anakuuzawo ali mu ofesi mumzinda, alibe mtengo ndi umodzi womwe. Tandiuza, amene amatchula mayina a anthu obweranso chaka chamawa ndani?"

"Ndinu, bwana."

"Ndiye tithandizane. M'mawa uliwonse, dzuwa lisanatuluke, kwa kanthawi kochepa. Nyamayo ndi yanu."

Selwyn anayang'ana Noelene, ngati akudikira kuti iye akane m'malo mwake. Noelene anayang'ana kamtengo kouma kaja. Nayenso anali atauona mzerewo, ndipo ankadziwa kuti akapitiriza kukana, m'nyumbamo mukhala mosalankhulana sabata yathunthu. Anapukuta manja, n'kuchotsa kiyiyo pa anzake, n'kumuika m'dzanja la Selwyn.

"Uzibweza m'manja mwanga tsiku lililonse. Ndipo usalozetse kumtunda. Uziwombera chotsetsereka, kuloza kumtsinje."

"Ndamva, mama."

Masiku oyamba zinayenda bwino. Noelene ankamva kulira kwa mfuti kawiri katatu ali kushedi, kenako Selwyn ankafika, mphuno ikuchucha ndi kuzizira, n'kumubwezera kiyi. Akalulu ankawasenda kuseri kwa nyumba yawo yogona. Tsiku lina anzake anamubweretsera Noelene mbale ya nyama yophika ndi mkaka wa kokonati wa m'chitini ndi mbatata. Anadya, ndipo inali yokoma. Darryl ankayenda m'munda akuimba mluzu.

"Ndinakuuza," ankatero. "Umangoopa chilichonse."

M'sabata yachiwiri kunagwa chisanu choopsa, nthaka n'kuuma gwa. Akalulu a chakumtsinje anali atatha kapena atachenjera, otsala anali pamwamba pa mtunda, pomwe miyala yoyera imaonekera pamchenga. Darryl anamuuza Selwyn kuti asamangozungulira pamodzimodzi, akwere. Noelene anali pomwepo pamene ankanena zimenezi, akumanga makatoni, ndipo sanatsutse.

M'mawa umenewo mfuti inalira kawiri. Selwyn anabwera ndi kalulu mmodzi, n'kunena kuti winayo wamuphonya. Anabweza kiyi n'kukatenga thumba lake lothyolera. Patapita kanthawi ambulansi inadutsa mumsewu wafumbi, kuloza kwa Glenys Thiele. Noelene anaganiza kuti ndi mtima, popeza Glenys anali wamasiye wachikulire wokhala yekha. Anaimba foni kwa mwana wa Glenys. Atamaliza kulankhula anakhala pansi pakatoni yopanda kanthu, katoniyo n'kuphwanyika.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa Darryl.

"Glenys walasidwa m'chiuno. Amapatsa nkhuku chakudya."

Darryl anavula chipewa, n'kuchivalanso. Anayenda mpaka pakhomo la shedi n'kubwerera.

"Chipolopolocho chinanjanja pamwala," anatero. "Sichikanafika chikanapanda kunjanja."

"Chafika, Darryl."

"Apolisi abwera. Iwe usalankhule. Ndilankhula ine."

"Ukanena chiyani?"

"Ndati ndilankhula ine."

Sajeni Maddern anafika dzuwa lili pamutu. Anali mayi wa m'dera lomwelo, mwana wake anaphunzira kalasi imodzi ndi mwana wa Noelene. Anafunsa amene anawombera m'mawawo, ndipo Selwyn, amene anali ataitanidwa kuchokera kumunda, anavomera asanamalize n'kufunsa komwe.

"Ndine. Mayiwo ali moyo?"

"Ali moyo. Awatengera kuchipatala chachikulu ku Adelaide. Uli ndi chiphaso?"

"Ndilibe."

"Mfutiyo unaipeza bwanji?"

Selwyn anayang'ana Darryl. Darryl anakhosomola.

"Ifenso tikudabwa, Sajeni. Ine ndinangodandaula za akalulu anthu onse akumva. Sindinadziwe kuti wina aganiza zotere. Ayenera kuti anaona pomwe mkazi wanga amasiya makiyi."

"Kulira kwa mfuti simunkakumva masiku onsewa?"

"Kuno aliyense amawombera. Tinkayesa ndi a kutsidya."

Sajeni anatembenukira kwa Noelene. "Ndi choncho, Noelene?"

Noelene anaona Selwyn ataima ndi thumba la malalanje pamimba, lodzaza theka. Anaona khosi la Darryl litafiira.

"Makiyi ndimawakoleka pamsomali, pakhomo la khitchini," anatero.

Zinali zoona kuti ankawakoleka pamenepo. Sajeni analemba.

"Mama," anatero Selwyn. Anavula thumba lija mosamala kuti malalanje asaphwanyike, n'kuliika pansi.

Kupolisi Selwyn anafotokoza zonse momwe zinakhalira, koma anali mawu a munthu mmodzi, wobwera, kutsutsana ndi a anthu awiri obadwira m'deralo. Anzake sanaone kiyi akuperekedwa, ndipo atafunsidwa ankangoyang'ana pansi. Anamutsegulira mlandu wotenga mfuti popanda chilolezo cha mwini wake, wogwira mfuti alibe chiphaso ndi wovulaza munthu. Anamutulutsa pabelo, ndipo kampani yomwe inabweretsa anthu a kuzilumbawo inamuimitsa ntchito n'kumusamutsira kunyumba ina m'tauni kuti adikire khoti. Darryl anangouzidwa kuti mfuti zake azisunga apolisi mpaka nkhaniyo ithe, komanso kuti nkhani ya kasungidwe ka makiyi adzaionanso.

Ntchito inapitirira. Anthu a kuzilumba aja ankathyola monga kale, koma anasiya kuimba m'mizere. Noelene akawapatsa moni ankayankha mwaulemu, maso ali pamtengo. Lachisanu anawaphikira makeke monga ankachitira nthawi zonse n'kuwasiya pabenchi ya kushedi. Madzulo anawapeza ali momwemo, nyerere zitayamba kulowa.

M'tauni nkhani inali itafala. Kusitolo anamva mayi wina akuuza wogulitsa kuti tsopano akumakhoma zitseko masana. Anaona mlonda akutsatira atsikana awiri a ku Vanuatu kuchoka pa mpunga mpaka pa sopo. Lamlungu kutchalitchi, benchi yomwe anthuwo ankakhalapo n'kumaimba nyimbo zakwawo inali yopanda munthu, ndipo pomwa tiyi aliyense ankabwera kudzamugwira Noelene paphewa.

"Pepa, mwana iwe. Munthu kumusunga ngati m'bale, iye n'kukuchita zotere."

Glenys atabwezedwa kuchipatala cha pafupi, Noelene anapita kukamuona ndi maluwa. Anamupeza ataonda, tsitsi losapesa, chitsulo choyendera chili pambali pa bedi.

"Akuti ndidzayendanso, koma ndi ndodo," anatero Glenys. "Ana akufuna ndigulitse malo ndipite kunyumba ya okalamba. Ine kumeneko? Kukadya phala la madzimadzi ndi kuonera anthu akuwodzera?"

"Nkhuku zako ndikumazipatsa chakudya."

"Ndamva. Ndiwe munthu, Noelene. Bwanji ukulira? Ndalasidwa ndine, osati iwe."

"Mfutiyo inali yathu."

"Usadziimbe mlandu. Wakuba akafuna kuba amaba. Vuto lako ndi chifundo. Kuwaphikira makeke, kuwaperekeza kuchipatala, kuwalowetsa m'khitchini. Waona tsopano. Ine ndauza mkamwini wanga kuti chaka chamawa asalembe ndi mmodzi yemwe, ndipo akuti akakamba ndi alimi anzake."

"Si onse otero, Glenys."

"Mwina. Koma ndingawasiyanitse bwanji ndili chigonere chonchi?"

Glenys anamugwira dzanja n'kulifinya. Noelene anakhala choncho kwa nthawi, dzanja lake lili m'dzanja la mnzakeyo. Namwino atalowa ndi mankhwala, anatsanzika msanga. M'galimoto anakhala osaliza injini mpaka munthu wina anamugogodera pazenera kufunsa ngati akutuluka pamalopo.

Nyumba yomwe Selwyn ankakhala inali kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Noelene anaidutsa kangapo masiku otsatira osaima. Tsiku lomwe anaima, anamupeza atakhala pasitepe masana, atavala jekete lomwelija, akuyang'ana msewu. Anthu ena onse a m'nyumbamo anali kuntchito. Atamuona anaimirira.

"Khala pansi, Selwyn. Ndakubweretsera tizakudya."

"Zikomo, mama. Ikani pamenepo."

Noelene anaika dengu pasitepe. Sanadziwe ngati akhale kapena aime.

"Akukusamala bwino kuno?"

"Ndikudya. Mayi aja ali bwanji?"

"Akuchira. Adzayenda ndi ndodo."

Selwyn anagwedeza mutu. "Tsiku lililonse ndimawapempherera. Ndinawalasa ndine, zimenezo sindikana. Khoti likandilanga pa zimenezo ndilandira. Munandiuza kuti ndisalozetse kumtunda, ndinalozetsa."

"Anakuuza ndi Darryl kuti ukwere."

"Chala chinali changa. Koma ndifunse, mama. Kiyi uja ndinaba?"

Noelene anayang'ana dengu.

"Ndikufunsa chifukwa masiku ena ndimakhala pano n'kumaganiza kuti mwina mutu wanga wasokonekera. Apolisi akuti ndinaba. Loya amene andipatsa akuti ndingovomera kuti zithe msanga. Ndiye ndimati mwina ndikukumbukira molakwa. Munapukuta manja pansalu, n'kundiikira m'dzanja ili. Sizinali choncho?"

"Zinali choncho."

"Chabwino. Ndiye mutu wanga uli bwino."

"Selwyn, ndinachita mantha. Zonse zinachitika mofulumira. Darryl anali atayamba kale kulankhula."

"Ndikudziwa. Bwana ndinawamvetsa, famu ndi yawo. Ine ndinkayang'ana inu."

Galimoto yaikulu yonyamula malalanje inadutsa, onse awiri n'kudikira kuti phokoso lithe.

"Kwathu amva," anapitiriza Selwyn. "Masiku ano foni siichedwa. Wina analemba kuti Selwyn waba mfuti ya mzungu n'kuwombera nkhalamba. Bambo anga ndi katekisiti. Lamlungu lapitali sanaime kutsogolo, anakhala kumbuyo ndi ana. Mkazi wanga wasiya kupita kumsika. Mwana wanga wamkulu anamenyana kusukulu. Ndikawauza kuti sindinabe amati tikukhulupirira, koma ndimamva m'mawu awo kuti akufunsa, nanga mayi aja umati ndi abwino bwanji sakunena?"

"Ndikuthandiza. Ndikupezera loya wabwino."

"Loya sanaliko m'khitchini muja, mama."

Anatola dengu lija n'kumubwezera. "Pitani nazo. Akabwera anzanga adzafunsa kuti zachokera kuti, ndiye sindifuna kukangana nawo."

Noelene anafika kunyumba dzuwa likupendeka. Darryl anali pakhonde akukulunga timapaipi tapulasitiki toti aveke mitengo yotsala. Masiku amenewo ankadya pang'ono, ndipo lamba anali atamuboola bowo lina.

"Ndinali kwa Selwyn," anatero Noelene.

Darryl anasiya kukulunga. "Wapenga? Akakuona anthu aziti chiyani?"

"Mawa ndikupita kwa Sajeni Maddern. Ndikufuna tipite tonse."

"Kukatani?"

"Ukudziwa."

"Khala pansi, Noelene. Khala pansi timvane. Ukuyesa ine ndikusangalala? Ndikatseka maso ndikumuona Glenys ali gone pakati pa nkhuku. Munthu amene anatiphikira chakudya sabata yonse amayi atamwalira. Koma zachitika. Ukakanena, chiuno chake chibwerera?"

"Dzina la Selwyn libwerera."

"Dzina. Munthuyu akupita kwawo. Akakwera ndege, miyezi iwiri anthu aiwala. Ife tikhala pompano mpaka kufa. Tizikumana ndi ana a Glenys kusitolo, kutchalitchi, kumpira."

"Kwawo kulinso anthu, Darryl. Kuli sitolo, kuli tchalitchi. Bambo ake asiya kuima kutsogolo."

"Ndiye ukufuna ndikamangidwe ine? Kupatsa mfuti munthu wopanda chiphaso, kunamiza apolisi. Ndipo usaiwale, kiyi anapereka ndiwe. Ine sindinamukhudze n'komwe."

Noelene anamuyang'ana nthawi yaitali. Darryl anayang'ana kumbali.

"Sindinatanthauze choncho," anatero.

"Watanthauza. Ndipo ukunena zoona. Ndinapereka ndine."

"Tamvera. Boma likamva, litichotsa pa alimi ololedwa kulemba anthu a kuzilumba. Malalanje awolera m'mitengo. Anzake ajanso awachotsa pano, mwina kuwabweza kwawo nyengo isanathe. Amenewo wawaganizira? Upulumutsa mmodzi, ugwetsa onse. Nanga famuyi? Agogo anga anaitsegula pogwetsa tchire ndi nkhwangwa."

Zimenezi Noelene anali ataziganizira m'galimoto njira yonse.

"Sindikudziwa," anatero. "Mwina ukunena zoona. Koma tsiku lija Glenys anandigwira dzanja n'kunditcha munthu wabwino. Kutchalitchi akundipepesa. Atsikana aja akuwatsatira m'sitolo ngati agalu akuba. Zonsezi zachokera pamawu anga ochepa aja. Sindingathe, Darryl. Chakudya sichikutsika."

"Dikira tithyole kaye. Masabata atatu okha."

"Khoti lake ndi sabata yamawa. Loya akumuuza kuti avomere."

"Akavomera amupatsa chilango chochepa."

"Avomere kuba kumene sanabe, kuti ife tithyole malalanje?"

Darryl anatola kapaipi kamodzi n'kukapinda mpaka kanathyoka. "Zaka zonsezi takhala limodzi, ukasankhe munthu wobwera?"

"Sindikusankha munthu. Tiye tonse. Ukanena wekha adzakumvera chisoni."

"Sindipita."

M'mawa mwake Noelene anavala diresi la kutchalitchi. Darryl anali pafupi ndi pikapu, akuyang'ana matayala omwe analibe vuto lililonse. Noelene anatsegula chitseko cha mbali inayo n'kudikira. Darryl anafika mpaka kugwira chitsekocho, anaima, kenako anachitseka n'kulowera kumunda.

Sajeni Maddern anamvetsera osamudula. Atamaliza, anavula magalasi n'kutikita m'maso.

"Ndinakufunsa pamaso pake, Noelene."

"Munandifunsa."

"Ukudziwa kuti zimene wanenazi zikugwera iwe ndi Darryl?"

"Ndikudziwa."

Zambiri zimene Darryl ananena zinachitikadi. Onse awiri anawatsegulira milandu, ziphaso n'kulandidwa. Kampani ija inachotsa anthu ake pafamupo n'kuwagawa m'mafamu ena, awiri n'kusowa malo. Malalanje a mizere ya kumapeto anagwa okha. Darryl anasamukira m'chipinda cha mwana wawo, ndipo ankangolankhula za mapampu ndi za madzi. Noelene anapita yekha kukamuuza Glenys. Glenys anamvetsera, kenako anatembenukira kukhoma.

"Unakhala pampando umenewo n'kundisiya ndikutukwana anthu osalakwa," anatero. "Nkhuku azipatsa mkamwini wanga. Pita."

Mlandu wakuba unachotsedwa. Pa inayo woweruza anamumvera chisoni Selwyn, sanamutsekere, koma chilolezo chake chogwirira ntchito chinali chitatha mphamvu, ndipo loya ananena mosabisa kuti n'zokayikitsa ngati angadzaloledwenso kubwera.

Tsiku lonyamuka, Selwyn anatumiza uthenga kuti Noelene abwere pokwerera basi. Anamupeza ali ndi chikwama chimodzi ndi anzake ochepa amene anapempha kuchoka kuntchito. Anzakewo atamuona anasiya kucheza.

"Mwabwera, mama."

"Ndabwera. Selwyn, sindikudziwa kuti ndinene chiyani."

"Kwa ine mwanena kale kupolisi. Ndakuitanirani china." Anatulutsa foni. "Bambo akwera phiri m'mawa uno kuti apeze netiweki. Ali ndi mkazi wanga ndi akuluakulu a mpingo. Pepala la khoti sangaliwerenge bwino, komanso anthu akuti pepala munthu akhoza kugula. Akufuna amve kwa inu."

Anaimba, n'kukweza mawu a foniyo kuti onse amve. Kunamveka mphepo, tambala chapatali, kenako mawu a munthu wokalamba akulankhula Chingerezi pang'onopang'ono.

"Ndine Edmond Bule, bambo wake wa Selwyn. Ndinu mayi a pafamu?"

"Ndine, bambo. Dzina langa ndi Noelene."

"Tili pano anthu angapo. Tikumva."

Noelene anagwira foniyo ndi manja awiri. Anthu ena odikira basi anali atacheuka, mmodzi mwa iwo mayi wa kutchalitchi kwawo.

"Mwana wanu sanabe kanthu. Kiyi wa mfuti ndinamupatsa ndine, ndi dzanja langa. Iye anakana, ife tinamukakamiza. Apolisi atabwera mwamuna wanga ananama, inenso ndinanama. Selwyn si wakuba. Wakhala nafe nyengo zambiri, sanatengepo ngakhale lalanje osapempha."

Kumbali inayo wina anayamba kumasulira m'chinenero chawo. Kunamveka mawu a anthu ambiri, kenako mayi wina akulira chapansipansi. Selwyn anayang'ana kumwamba, akuphethira.

"Tamva," anatero mkuluyo. "Zikomo ponena. Lamlungu ndikawauza anthu." Mphepo inawomba mufoni. "Ndifunse chimodzi, mayi. Mwana wanga ankatiuza kuti ndinu munthu wopemphera, ndipo mumawakonda. Tsiku limene apolisi anabwera, inu munalipo?"

"Ndinalipo."

"Iye ataima pomwepo?"

"Ataima pomwepo."

"Ndiye masabata onsewa munkadikira chiyani?"

Noelene anatsegula pakamwa. Anaganiza za malalanje, za Darryl, za khitchini yopanda mkangano, ndipo panalibe chimene akanatha kuuza munthu amene wakwera phiri kuti amve. Mkuluyo anadikira. Anthu onse paphiripo anadikira.

"Mwakhala chete," anatero mkuluyo. "Chabwino. Mupatseni mwana wanga."

Selwyn anatenga foni n'kulankhula mawu ochepa m'chinenero chakwawo. Basi inali itafika. Anakumbatira anzake mmodzimmodzi, n'kunyamula chikwama. Pofika pa Noelene anaima, n'kugwedeza mutu pang'ono.

"Mukawaone mayi aja, ngakhale akukanizeni," anatero. "Mukawauze kuti ndapepesa."

Anakwera, n'kukhala mbali ya kutali ndi zenera.